Mendulo ndi Nkhata

Mwezi wa Novembala uli ndi masiku awiri a anthu akufa. Loyamba ndi pa 2 Novembala, pamene Eklezia amatiitana kuti tipempherere mizimu ya abale athu onse amene adatsogola. Lachiwiri ndi la boma. Pa Lamulungu loyandikira pa 11 Novembala, akuluakulu a dziko amakaika nkhata za maluwa pa zipilala za asilikali ku Zomba ndi ku Lilongwe, lipenga n'kulira, anthu onse ali chete. Masiku awiriwa akamayandikira, ine ndimakhala ndi funso limene ndifuna tiliganizire pamodzi, abale anga owerenga: kodi nkhondo ikatha, amakumbukiridwa ndani, ndipo amaiwalika ndani?

Tiyambe ndi munthu amene sadaiwalike. Dzina lake ndi Paul von Lettow-Vorbeck, Mjeremani, wobadwa m'chaka cha 1870 m'tauni ya Saarlouis. Bambo wake adali msilikali, nayenso adalowa usilikali ali mnyamata, m'gulu la asilikali oyenda pansi. Adamenya nawo nkhondo ku China, kenaka ku Namibia kuyambira 1904 mpaka 1906, pamene Ajeremani ankapulula mitundu ya Aherero ndi Anama. Mu Januwale 1914 adafika m'dziko limene lero tikulitcha Tanzania, lomwe panthawiyo linali m'manja mwa Ajeremani, kudzatsogolera gulu lankhondo la kumeneko. Patangopita miyezi yowerengeka, mu Ogasiti, Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse idabuka ku Ulaya.

Mkuluyu ankadziwa kuti Angelezi sangawagonjetse, pakuti iwo ndiwo adali eni nyanja yamchere ndipo thandizo lochokera kwawo silikadamfika. Tsono adatsimikiza mtima kuchita chinthu chimodzi: kuwavutitsa ndi kuwathamangitsa uku ndi uku, kuti asilikali awo ambiri atanganidwe kuno ku Africa m'malo mokamenya nkhondo ku Ulaya. Mu Novembala 1914 adapirikitsa gulu lalikulu la Angelezi pa doko la Tanga. Atamupanikiza, adayamba kubwerera chakummwera akumenya. Mu Novembala 1917 adawoloka mtsinje wa Ruvuma n'kulowa m'dziko la Mozambique. Chaka chotsatira adabwereranso kumpoto, nakhotera kumadzulo, nalowa m'dziko la Zambia mpaka ku Kasama. Pa 14 Novembala 1918, ali pa mtsinje wa Chambeshi, ndi pamene adauzidwa kuti ku Ulaya nkhondo idaleka masiku atatu apitawo. Adakatula zida pa 25 Novembala ku Abercorn, kumene lero ndi ku Mbala, ali ndi Ajeremani 155, asilikali achikuda oposa 1,100, ndiponso khamu la amuna ndi akazi onyamula katundu. Mfumu ya dziko la Germany inali itampatsa kale, m'chaka cha 1916, mendulo yotchedwa Pour le Mérite, imene inali ulemu waukulu koposa umene mtsogoleri wa asilikali akadalandira kumeneko.

Mwina wina afunsa kuti, nanga ife a ku Mzimba zikutikhudza bwanji, popeza munthuyu sadapondepo kuno? N'zoona sadapondepo. Koma nkhondo yake idafika, ndipo idalowa m'midzi yathu. Mu Ogasiti 1914 sitima ya boma yotchedwa Guendolen idawoloka nyanja yathuyi n'kukaombera sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, pa doko limene lero ndi Liuli. Mfuti ya sitimayo mukhoza kukaiona ku Mangochi. Pa 9 Seputembala chaka chomwecho, asilikali a Ajeremani adamenyana ndi a King's African Rifles ku Karonga, ndipo adabwezedwa. Ambiri mwa amene adagwa tsiku limenelo, mbali zonse ziwiri, adali anthu akuda. Makolo athu adaitcha nkhondoyi kuti ya Chiwaya, potsata kulira kwa mfuti yolavula zipolopolo mosalekeza, ngati chimanga chokazinga m'chiwaya.

Koma chimene chidasautsa midzi kwambiri ndi mtengatenga. Kumene kunkamenyedwa nkhondoko misewu ya galimoto inali yochepa, ndipo ng'ombe, abulu ndi akavalo zinkafa ndi kashembe. Motero chilichonse chimene msilikali ankadya, kuvala kapena kuombera chinkayenda pamutu pa munthu. Mtolo umodzi unkalemera pafupifupi makilogalamu 25, ndiye kuti theka la thumba la feteleza limene timalidziwali. Taganizani munthu atasenza zimenezo tsiku ndi tsiku, dzuwa ndi mvula, kukwera mapiri a ku Tukuyu ndi ku Njombe, phazi lili pansi. Ndipo panali vuto lina: wonyamula chakudya nayenso amadya. Ulendo ukatalika, mbali yaikulu ya ufa umene wasenza imathera m'mimba mwa osenzawo, kotero kuti pamafunika anthu enanso ambiri osenzera anzawo. N'chifukwa chake msilikali mmodzi ankafuna amtengatenga angapo kumbuyo kwake. Akatswiri a mbiri amawerengera kuti dziko lathu lidapereka asilikali pafupifupi 19,000, koma amtengatenga pafupifupi 200,000, pa nthawi imene anthu onse m'dziko muno ankangopitirira pang'ono miliyoni imodzi.

Ambiri sadapite mwa kufuna kwawo. Mesenjala wa boma ankafika kwa mfumu ndi chiwerengero cha amuna ofunika, ndipo mfumu yolephera kukwanitsa inkaona zakuda. Amuna ankathawira m'mapiri, ena ankagwidwa usiku. Amene adapitawo sadafe kwambiri ndi zipolopolo ayi. Adafa ndi kamwazi, malungo, chibayo, njala ndi kutopa, ndipo ankaikidwa m'mbali mwa njira, pamene adagwerapo. Kumudzi minda idagonera chifukwa chosowa olima. Nkhondo itangotha, m'zaka za 1918 ndi 1919, kudabweranso mliri wa fuluwenza, umene udatsata njira zomwe ankadzera obwerera kunkhondo.

Kuno ku Mzimba kudali munthu mmodzi amene adakana. Angoni a kuno sadagonjetsedwe ndi mfuti monga zidachitikira kwa Gomani m'chaka cha 1896 kapena kwa Mpezeni m'chaka cha 1898. Adalowa pansi pa boma la Angelezi mwa pangano, pa msonkhano wa ku Ekwendeni m'chaka cha 1904, pamaso pa Alfred Sharpe, ndipo adamva kuti mafumu awo adzapitiriza kulemekezedwa. Tsono boma litayamba kufuna amuna ndi chakudya cha kunkhondo, Inkosi Chimtunga Jere, mwana wa M'mbelwa woyamba, adaletsa anthu ake kupita ku mtengatenga. Chifukwa cha ichi, m'chaka cha 1915 boma lidamuchotsa pampando n'kumupirikitsira ku Chiromo, ku chigwa chotentha cha Shire, kutali ndi ng'ombe zake ndi manda a makolo ake. Adaloledwa kubwerera m'chaka cha 1920, koma ngati nyakwawa wamba, ndipo adamwalira mu 1924. Padatenga khama la anthu ophunzira a bungwe la Mombera Native Association kuti ufumuwo udzukenso. Mwana wake, Lazaro Jere, ndiye adadzakhala M'mbelwa wachiwiri, amene nkhope yake idaikidwa pa ndalama ya K20 m'chaka cha 2012.

John Chilembwe, amene mu Novembala 1914 adalembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti anthu osauka akufera nkhondo ya eni ake, tonse timamudziwa, ndipo ali ndi tsiku lake pa 15 Januwale. Koma ndikafunsa ana a sukulu a kuno za Chimtunga, ambiri amangoyang'anana. Chonsecho mwina ena a iwo alipo lero chifukwa agogo a agogo awo adatsala pamudzi pa miyezi imene mfumuyo idaumitsa khosi.

Pa ntchito yanga yoyendera matchalitchi a kumidzi, kummwera kwa boma lino, cha ku Champhira, ku Jenda ndi ku Embangweni, ndakhala ndikufunsa okalamba za nkhondoyi tikatha Misa. Amene adaiona ndi maso adatha kale. Otsala ndi adzukulu awo, nawonso imvi zili mbuu. Gogo wina adandiuza, m'Chitumbuka chake chokoma, kuti agogo ake aamuna adali ndi mng'ono wawo amene adatengedwa ali kubusa, ndipo sadabwerenso. Kudangobwera mnzake wa mudzi woyandikana nawo, ataonda ngati bango, nanena kuti adamusiya pansi pa mtengo akupuma movutika, chifukwa kapitawo sadalole kuti aime. Pamudzi adalira maliro opanda mtembo. Nditafunsa dzina la mnyamatayo, gogoyo adakhala chete nthawi yaitali, akusisita chipumi. Kenaka adati dzinalo ankalidziwa ndi achemwali ake, amene tidawaika chaka chatha. Ndidabwerera kuparishi tsiku limenelo mtima uli wolemera, podziwa kuti munthu wafa kachiwiri, ndipo imfa yachiwiriyi yachitika masiku athu ano, ife tikuona.

Tsono taonani m'mene zidamuyendera mkulu wa Ajeremani uja. Mu Malichi 1919 adalowa mu mzinda wa Berlin atakwera kavalo, khamu la anthu likumuimbira m'manja, chifukwa m'dziko logonja iye adaoneka ngati msilikali yekhayo amene sadagonje. Adalemba mabuku a nkhondo yake, ndipo anyamata ambiri a kumeneko adawawerenga. Misewu idatchedwa dzina lake m'matauni angapo. Ngakhale m'chaka cha 1920 adathandiza nawo chiwembu chofuna kulanda boma losankhidwa ndi anthu, n'kuchotsedwa usilikali, mbiri yake siidazilale. Pa 14 Novembala 1953 boma la atsamunda la ku Zambia, adani ake akale, lidatsegula chipilala pa mtsinje wa Chambeshi chokumbukira tsiku limene iye adaleka kumenya nkhondo. Adamwalira ku Hamburg pa 9 Malichi 1964, ali ndi zaka 93, miyezi inayi dziko lathu lisanalandire ufulu. Misasa ingapo ya asilikali a dziko lake idatchedwanso dzina lake.

Komabe mawu a akulu akoma akagonera, ndipo choona nachonso chimatero. Dokotala wina Mjeremani amene adayenda nalo gululo, Ludwig Deppe, adalemba yekha nkhondo itangotha kuti kulikonse kumene ankadutsa ankasiya minda yoonongeka, nkhokwe zopanda kanthu ndi njala. Gulu lopanda thandizo lochokera kwawo linkadya za anthu a m'midzi, ndipo linkagwira amuna mokakamiza kuti asenze katundu, monga momwe ankachitiranso Angelezi ndi Apwitikizi. Patapita zaka zambiri, Ajeremani eni ake adayamba kufunsa ngati munthu wotere ayenera kukhala chitsanzo kwa ana awo. M'chaka cha 2010 msasa wa asilikali wa ku Leer udachotsedwa dzina lake. Mu 2013 msewu wa dzina lake mu mzinda wa Hannover udasandulika msewu wa Namibia. Ndipo mu Meyi 2021 boma la Germany lidavomera poyera kuti zimene zidachitikira Aherero ndi Anama kunali kupulula mtundu wa anthu.

Sindikulemba izi kuti tidane naye munthuyu kapena mtundu wake. Kulimba mtima adali nako, nzeru za nkhondo adali nazo, ndipo adagona pansi ndi kudwala malungo pamodzi ndi asilikali ake. Ana ake aamuna awiri adafera pa Nkhondo Yachiwiri, motero nayenso adalawa chikho chimene amayi a kuno adamwera. Woweruza mzimu wake ndi Mulungu yekha, ndipo pa 2 Novembala, pamene tipempherera akufa onse, iyenso ali m'gulumo. Koma kupempherera munthu ndi kwina, kumutamanda ndi kwinanso. Aliyense woyamikira ulendo wake wodabwitsa uja, wochokera ku Tanga kudzera ku Mozambique mpaka ku Chambeshi, ayenera kufunsanso kuti udayenda pa mitu ya yani. Mutu umodzi susenza denga. Mendulo idapachikidwa pa chifuwa chimodzi, koma idasenzedwa ndi makosi zikwizikwi, a omutsata ndi a omuthamangitsa omwe.

Chinenero chathu chili ndi liwu limodzi la zinthu ziwiri. Maluwa olukidwa mozungulira amene timaika pamanda timati nkhata. Kansalu kapena udzu wopindidwa umene munthu amaika pamutu posenza katundu timatinso nkhata. Amene adavala nkhata yachiwiriyi ndiwo adasowa woikira yoyambayo. Chipilala cha ku Zomba chili ndi maina oposa 1,200 a asilikali a King's African Rifles amene adafa pa nkhondoyi, ndipo n'chinthu chabwino kuti alipo. Koma amtengatenga, amene adali ochuluka kakhumi kuposa asilikali, ambiri a iwo alibe mwala kapena mtanda. Mu Epulo 2021 bungwe losamalira manda a nkhondo la Commonwealth War Graves Commission lidatulutsa lipoti lovomera kuti anthu osachepera 116,000, makamaka a mu Africa muno, sadakumbukiridwe ndi maina awo, kapena sadakumbukiridwe n'komwe, pamene Azungu anzawo adaikidwa aliyense m'manda akeake. Nduna ya zachitetezo ya ku Britain idapepesa m'nyumba ya malamulo. Kupepesako n'kwabwino, koma maina ambiri sali m'mabuku a ku London. Ngati alipo penapake, ali m'mitu ya agogo athu.

Ife Akhristu nkhani ya munthu wogwidwa panjira kuti asenze katundu wa wina si yachilendo kwa ife. Timaisinkhasinkha Lachisanu lililonse la Lenti pa Njira ya Mtanda, pa chigawo chachisanu. Simoni wa ku Kirene, mzinda umene unali m'dziko la Libya la lero, ankangodzidutsira kuchokera kumunda pamene asilikali a atsamunda a nthawi imeneyo adamugwira n'kumusenzetsa mtanda. Sadafunsidwe maganizo ake, ndipo sitimva kuti adalipidwa. Chimene chimandigwira mtima n'chakuti asilikali amene adamugwirawo, ngakhale mkulu wawo amene adaima patsinde pa mtanda, Mthenga Wabwino sudasunge maina awo. Koma dzina la wosenzayo lidasungidwa, ndipo Marko Woyera adalembanso maina a ana ake awiri, Aleksandro ndi Rufo. Akhristu oyamba adaona kuti mtengatenga ameneyu ngwoyenera kumukumbukira pamodzi ndi banja lake. Kakumbukiridwe ka Mulungu ndi kotero, ndipo Eklezia ayenera kutengera komweko.

Pa nthawi ya nkhondoyi kuno kunalibe parishi ya Katolika, pakuti mishoni yoyamba ya chigawo chino, ya ku Katete, idatsegulidwa m'chaka cha 1938. Choncho ambiri mwa anyamata amene adatengedwa kuno adali a mpingo wa Livingstonia, kapena otsata chipembedzo cha makolo. Zimenezo zisatiletse. Papa Benedikito wa 15, amene mu Ogasiti 1917 adalembera atsogoleri a maiko omenyanawo kuti nkhondoyo inali kuphana kopanda phindu, adathandiza akaidi ndi ovulala osafunsa za mpingo kapena mtundu wawo. Nafenso tikapempherera akufa sitiyamba tafunsa kalata ya ubatizo. Ndi magazi athu, ndipo ndi ana a Mulungu.

Ndiye ndikupemphani chinthu chimodzi, inu makolo ndi inu achinyamata, ndipo n'chosafuna ndalama. Mwezi uno usanathe, khalani pansi ndi munthu wamkulu koposa onse pa banja panu. Mfunseni ngati pa mtundu wanu padali wina amene adapita ku nkhondo ya Chiwaya, kaya ngati msilikali kaya ngati mtengatenga. Funsani dzina lake, chiwongo chake, mudzi wake, ndiponso ngati adabwerera. Funsaninso za amayi amene adatsala akulima okha ndi kulera ana amasiye, pakuti nawonso adasenza nkhondoyo. Mwana wa sukulu alembe zonsezo m'kope, monga zanenedwera, osaonjezera kapena kukometsera. Pamene dzina latayika, lembani chimene chatsala, ngakhale kungoti mng'ono wa uje, wa mudzi wakuti. Mukatero bweretsani mainawo ku mphakati, awerengedwe mokweza pa mapemphero, kenaka aperekedwe kwa bambo mfumu kuti atchulidwe pa Nsembe ya Misa pamodzi ndi akufa ena. Kope lina lisungidwe kuparishi, lina kwa mfumu ya mudzi. Akulu adati zengerezu adalinda kwawukwawu. Gogo amene akudziwa dzinalo lero, chaka chamawa mwina tidzakhala tikumuimbira nyimbo za maliro.

Ntchito imeneyi ili ndi phindu kwa amoyonso. Mwana amene wamva kuti agogo a agogo ake adafera m'mbali mwa njira atasenza ufa wa nkhondo ya eni ake sadzafulumira kuombera m'manja aliyense wolankhula zokoma za nkhondo. Adzaphunziranso kuona anthu amene akusenza katundu wa dziko lino lero popanda wowatchula: mayi wotsika ndi mtolo wa nkhuni m'mapiri a Viphya, mnyamata wokankha njinga ya makala kulinga ku Mzimba boma m'bandakucha, ndi abale athu ambirimbiri a boma lino amene ali ku Joni, ena mwa iwo n'kumaikidwa komweko popanda wachibale woponya dothi. Asilikali athu amene adafera ku Congo pa ntchito yosungitsa mtendere timawalandira ndi ulemu, ndipo n'koyenera kutero. Ulemu womwewo uyenera kutsikira mpaka kwa wotsiriza pa mzere.

Mkulu wa Ajeremani uja ali ndi mabuku, zithunzi ndi chipilala, ndipo anthu a kwawo akupitiriza kukambirana za m'mene ayenera kumukumbukira. Imeneyo ndi ntchito yawo, ndipo aiyamba bwino. Yathu ndi ya anyamata a ku Edingeni, ku Hora, ku Luwerezi ndi ku Khosolo amene adatuluka m'mudzi nkhata ili kumanja, osabwereranso. Mulungu amawadziwa mmodzimmodzi, ndipo palibe amene adatayika pamaso pake. Chatsala n'chakuti nafenso, abale awo, tiwatchule maina nthawi ikadalipo. Ambuye awapatse mpumulo wosatha, iwo pamodzi ndi onse amene adagwa pa nkhondo imeneyo, a mbali zonse.